Zidole Zimene Amayi Anawotcha

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu ndi ana? Nanga bondo la amayi lasiya kutupa? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima ndiye ukuwira.

Katoni ija yafika dzana. Nditaitsegula ndinangokhala pansi. Zidole zanga zisanu, zimene ndinazisiya kumeneko zofewa nditazikulunga m'nsalu yonyowa, zafika zofiira, zouma gwa, ukazigogoda zikulira ngati mphika watsopano. Pafoni amayi anandiuza mokondwa kuti anaziika pakati pa miphika yawo powotcha, kuti zisaphwanyike m'basi. Anandifunsanso ngati ndaona kuti palibe ngakhale chimodzi chong'aluka. Ndinangoti zikomo amayi. Ndikananenanso chiyani?

Achemwali, chidole chowotcha sichingagwire ntchito yanga. Ndimachipinda mkono pang'ono n'kujambula chithunzi, kupindanso, kujambulanso, zithunzi khumi ndi ziwiri kuti munthu wadothiyo asunthe kwa sekondi imodzi yokha pa kanema. Tsopano kondakitala wanga wadothi uja, amene ndinatha masiku anayi ndikumuumba nkhope, wangoima dzanja lili m'mwamba mpaka kalekale.

Ku koleji anatiphunzitsa kuti luso limeneli linayamba zaka zoposa zana zapitazo, mafilimu asanayambe n'kulankhula komwe. Anthu amenewo analibe kompyuta, koma mpaka lero tikuphunzirabe za iwo. Ine ndi digiri yangayi, kukampani kuno kopanga zotsatsa malonda, chaka chatha ndikungokulunga mawaya ndi kunyamula nyale. Abwana amati zadothi n'zochedwa, kasitomala sadikira. Anzanga anandipatsa kale dzina loti Woumba Mbiya, ndipo m'mawa uliwonse amandifunsa ngati mitsuko yatsika mtengo.

Ndawakakamira abwanawo mpaka atopa nane. Avomera kuonera kafilimu kanga ka masekondi makumi atatu kumapeto kwa mwezi uno. Koma anandiuza pamaso pa onse kuti, "Kakapanda kundisangalatsa, za dothizo ndisadzazimvenso." Ndiye kwatsala milungu itatu, ine ndilibe chidole ngakhale chimodzi chopindika.

Pempho langa ndi limodzi. Dothi logula m'sitolo kuno limasungunuka ndi kutentha kwa nyale, anthu anga n'kumagwa makutu. Ndikufuna dothi la amayi lomwelo, lopondaponda kale, lonyowa, lodzaza chidebe chaching'ono, mutalikulunga m'pulasitiki. Lifike Lolemba, chonde osati Lachitatu.

Amayi musawauze kuti zija zinawonongeka. Mungowauza kuti kuntchito azikonda moti akufuna zina. Koma muime pomwepo mpaka chidebecho chikwere basi, chifukwa mukangotembenuka, ndimawadziwa, andiumbira okha n'kuziwotchanso.

Moni kwa amayi, kwa alamu, kwa amalume ndi ana onse.

Ndatha ine mlongo wanu,
Mzime wa amayi