Guwa la Apolo, mapazi asanu ndi kachidutswa

4 Tarigeliyoni

Mliri wafika mumsewu wathu. Maliro atatu. Mwana wanga Mirito, miyezi khumi, thupi moto.

Wansembe akuti mulungu Apolo akufuna guwa lokula kawiri kuposa lakale, lofanana mbali zonse ngati lomwelo, ndipo mliri utha. Akulu amisiri awiri anamwalira, ntchito yagwera ine. Lakale ndi mapazi anayi mulitali, mulifupi ndi msinkhu. Ndati asanu ndi atatu basi.

6 Tarigeliyoni

Manyazi. A Kalifoni, aja amaphunzitsa zojambula pamchenga, andiseka pamaso pa anthu. "Mmisiri iwe, ukufuna Apolo akwere ndi makwerero?" Aunjika timiyala: tiwiri mulitali, tiwiri mulifupi, tiwiri msinkhu. Langa likanakula kasanu ndi katatu. Zoona, ndawerenga ndekha.

Ndawapempha muyeso wake. Akuti ndidikire kampasi yojambulira mizere yozungulira ndi rula yawo yopanda zizindikiro.

9 Tarigeliyoni

Masiku atatu akuzunguza kampasi. Mizere, mizere, kufufuta ndi phazi. Palibe.

Mirito wakana bere. Nikandira mkazi wanga sakundilankhula, angoti: "Bambo ake, mwala uja mukudikira ubereke?"

10 Tarigeliyoni

Ndachita zanga. Ndakhoma kabokosi ka zikhatho zinayi mbali zonse, ndadzaza mbewu za barele kawiri, ndathira mu kena kokulirapo. Kupala, kuthira, kupala. Zikhatho zisanu zachepa pang'ono. Ndiye guwa ndi mapazi asanu ndi kachidutswa kosakwana chala.

A Kalifoni ayang'ana nthawi yaitali. Akuti ndayandikira, koma kuyandikira si kufika, ndipo barele si umboni. Ndati mwana wanga sadikira umboni. Sanaseke.

Mawa ndiyamba kusema.

14 Tarigeliyoni

Msana. Matuza aphulika. Kachidutswa kaja ndangoyesa ndi diso. Mirito akupuma ngati kambalame.

23 Tarigeliyoni

Guwa latha, nsembe yapsa. Akuti maliro achepa kudoko. Anthu akundigwira dzanja pamsika, wina wandipatsa nkhuyu.

Mirito tinamuika m'manda pa 17 mwezi uno.

Nikandira akuti wolakwa si ine. Wansembenso akuti si ine. Koma iwo sanagwire chingwe choyezera.

Ndapita kwa a Kalifoni. Ndawapeza atakhala pamchenga pomwe paja, ndevu zili fumbi. Ndafunsa kuti ndinaphonya ndi zingati, tsitsi limodzi kapena awiri. Akuti sadziwa, mwina palibe adzadziwe ndi zida zimenezi.

Ndakhala pansi. Ndati andionetse kagwiridwe ka kampasi.