Thovu Lachuluka

Lolemba, 9 Juni

Sopo wa makanda yemwe ndasakaniza lero wachuluka thovu. Sachita chonchi. Bwana mano onse panja, ati makasitomala amakonda thovu. Ine mtima uli m'mwamba.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndinayesa kuwafotokozera. Mankhwala athu ndi awiri, kufakitale kuno timangoti Waukali ndi Wofatsa. Waukali amachotsa litsiro koma amaluma. Akakumana m'madzi amaundana timagulu tosaoneka ndi maso, Wofatsa n'kumugwira mnzakeyo. Wofatsa akachepa, Waukali amangoyendayenda ngati galu woduka tcheni.

Ndinatenthetsa pang'ono m'kabotolo. Sopo wabwino akatentha amachita ngati mkaka. Uyu ayi, wangokhala woonekera ngati madzi mpaka kuwira. Diramu ya Wofatsa ndi ya wogulitsa watsopano, wotchipa. Mankhwala ake akuthirika ngati madzi. Ndikuganiza kuti anathiramo madzi.

Bwana: "Mayi, sopo akuoneka bwino inu mukudandaula? Sainani chikalata chomuvomereza basi."

Makina oyezera anapita kokakonzedwa chaka chatha. Kupita komweko.

Lachitatu, 11 Juni

Mabotolo adzazidwa. Pa lililonse khanda likuseka, pansi pake mawu akuti saluma m'maso. Lole ibwera Lachisanu. Sindinasaine. Ndikakana, ntchito yatha, ana anga adya chiyani? Ndikasaina... ayi, sindifuna n'kuganiza komwe.

Lachinayi, 12 Juni

Mlamu wanga anabwera pageti ndi khanda lake kumsana, kudzapempha botolo monga mwa nthawi zonse. Ndinamukaniza. "Alamu, mwayamba liti kuumira?" Kamwanako kanali kundiyang'ana, maso mbee.

Atapita ndinadzitsekera m'chimbudzi. Sopo pang'ono m'madzi, monga mayi aliyense angachitire. Dontho limodzi m'diso lakumanzere.

Mayo ine! Moto. Ndinapeza mpopi mopapasa.

Lachisanu, 13 Juni

Diso lofiira psuu, lotupa. Ndinalowa nalo mu ofesi osagogoda. Bwana analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka ati mwina ndi fumbi. Ndinati, ine ndinathamangira kumpopi, nanga khanda lithamangira kuti? Anangotenga cholembera changa patebulo.

Lolemba, 16 Juni

Ndili kunyumba. Bwana ati ndipume kaye.

Lole inapita. Bwana anasaina okha.

Mlamu wanga watumiza uthenga, ati ndisavutikenso, wapeza sopo yemweyo mugolosale ya pakona. Ndaimba, ndaimbanso, sakuyankha. Ndithamangire konko asanamusambitse mwana. Nsapato inayo ili kuti