Yorogovani wa Pazenera

18 Febuluwale

Chisanu chayamba kuchepa. Mapulamu onse akumunda ndamaliza kudulira, msana ngati si wanga. Pobwerera, sowo ali m'manja, maso anagwera pa yorogovani wa mkazi wanga Zorka, chitsamba chake cha maluwa chija cha pazenera la kuchipinda. Wapitirira denga, nthambi zangopingasana. Ndamusadza nayenso. Wafika m'chifuwa mwanga tsopano, pamwamba pali see ngati tebulo. Nthambi ndaotcha kuseri kwa khola. Mayiyu akadzatuluka m'chipatala adzapeza pakhomo pali bwino, asiye kulengeza m'mudzi kuti mwamuna wake amangodziwa mitengo yotulutsa kachasu. Lero ndadziyamikira ndekha.

9 Malichi

Ku Kraljevo pa basi ya m'mawa. Dokotala anandikokera pakhonde. Chotupa cha Zorka chija chafalikira. Akuti ndidzamutenge kumapeto kwa Epulo, kunyumba n'kwabwino. Ndinafunsa ngati adzaone mapulamu akupsa, iye n'kumangoyang'ana nsapato zake.

Zorka watha thupi. Maso aja shuga anawamaliza, amangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Koma pakamwa pali pomwepo. Anandisisita kumaso n'kuti, "Dobri, ukumameta ndi khasu kodi?" Kenako anati, "Ine sindikufuna zambiri. Udzandigoneke pazenera yorogovani wanga akamachita maluwa. Tsiku la Jorje Woyera ndidzasambe kumaso madzi oviikamo maluwa ake, basi." Ndinati zimenezo n'zosavuta. Zoti ndamukonzera sindinamuuze, ndimafuna adzadabwe.

2 Epulo

Mlamu Radojka, mkazi wa malemu mkulu wanga, anabwera ndi chitumbuwa cha tchizi. Anangoima pageti, mbale m'manja, kukamwa yasa. "Mayo ine! Wachita izi ndani?" Ndinati ndine, monyadira ndithu. "Mlamu iwe, mutu ukuyenda bwino? Ameneyu si pulamu!"

Akuti yorogovani akangomaliza maluwa amayambiratu kuika timaso ta maluwa a chaka chamawa kunsonga za nthambi, n'kudutsa nato chisanu chonse. Wofuna kudulira amadulira maluwa akangofota, osati nthawi ina. Ndiye kuti maluwa onse a chaka chino ndinawaotcha ndekha, uku ndikuotha manja. Ndipo ndi mmene ndasadziramu, akuti ndidikire zaka ziwiri, mwina zitatu.

Zaka ziwiri. Zorka azitenga kuti?

3 Epulo

Chitumbuwa chija sindinachikhudze. Chitsambachi Zorka anabwera nacho tsiku la ukwati wathu, kamphukira kokulungidwa m'chiguduli chonyowa, kochokera pakhomo pa amayi ake. Zaka makumi anayi ndakhala ndikuchidutsa m'mawa ndi madzulo. Ndimamuona ali pamenepo ndi sizasi, koma mwezi wake sindinausunge. Mundifunse za pulamu, ndikuuzani ndili m'tulo. Manyazi andigwira, ndipo ndakwiya, koma wokwiyira palibe.

16 Epulo

Ndathira manyowa, ndathira madzi, ndathira phulusa. Radojka akuti manyowa angochulukitsa masamba, ndisiye kuvutitsa mtengo. Masamba aphukadi, obiriwira bwino, lililonse ngati kamtima. Ndafufuza nthambi ndi nthambi, magalasi ali pamphuno. Palibe kaduwa ngakhale kamodzi.

Chowawa n'chakuti mudzi wonse wadzaza maluwa a yorogovani. M'mipanda ya anthu, kumanda, m'matanthwe a m'mbali mwa mtsinje wa Ibar momwe palibe amathirira. Ngakhale pa bwinja la kumtunda, pomwe eni ake anathawira ku Austria kalekale, masango ali lendelende. Osasamalidwa akubereka. Wanga wosamalidwayu ndiye wangoti zii.

28 Epulo

Tabwera naye. Ndagulitsa chigubu cha kachasu kuti tikwere galimoto, basi sakanaitha. Wapepuka ngati mtolo wa udzu. Bedi ndakokera pazenera monga ananenera.

Anafwenkha mpweya n'kufunsa, "Wachedwa chaka chino?" Ndinati chisanu chinatalika. Bodza linangotuluka lokha, losapunthwa n'komwe. "Nanga wa Radojka bwanji ndikumumva fungo ndili konkuno?" Ndinati wakeyo ali padzuwa. Msuzi wamwa masipuni ochepa.

5 Meyi

Mawa ndi tsiku la Jorje Woyera lija. Anthu ayamba kale kukongoletsa mageti ndi nthambi zaziwisi. Ndinapita kwa Radojka kukapempha masango ake, ndikamangirire pa chitsamba chathu. "Ukufuna kupusitsa Zorka? Amene uja ngakhale wansembe anamulephera." Ndinati saona. Anati ake ndi ofiirira, a Zorka ndi oyera. Ndinabwerezanso kuti saona. Anapukuta maso ndi epuloni n'kukatenga makwerero.

Ena ndaviika m'beseni pamodzi ndi dzira lofiira la Pasaka, madzi osamba mawa monga mwa mwambo.

6 Meyi

Ndinamangirira dzuwa likutuluka, ndi chingwe cha mipesa, nthambi zonse zoyang'ana zenera. Kunena zoona zimaoneka bwino. Ndinatsegula zenera. Anapuma mozama, kawiri, katatu, nkhope n'kumasuka. Ndinamusambitsa kumaso. Mumtima ndinati zatheka.

Kenako anatulutsa dzanja panja. Anagwira tsango, n'kumafisa kaduwa kamodzi pakati pa zala. Ake ndi othithikana, a Radojka ndi a timasamba tinayi basi, ine zimenezo ndimazidziwira kuti? Zala zinatsika ndi phesi mpaka pa chingwe. "Mfundo iyi ndi yako, Dobri."

Ndinaulula zonse. Anafunsa kuti ndinadula liti, ndinati Febuluwale. Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinayamba kuseka nawo, kenako ndinaona kuti sikusekanso. "Chitsiru cha munthu," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Pofika masana masango onse anali atazyolika pa zingwe zawo. Ndamasula, ndataya kudzala. Sanandiyankhulenso.

11 Meyi

Masiku onsewa amayankhula ndi Radojka yekha. Mankhwala amalandira m'manja mwanga ngati akulandira kwa mlendo. Lero mwadzidzidzi anati ndimunyamulire panja. Ndinamukhazika pampando pafupi ndi chitsamba, bulangete m'miyendo. "Bweretsa sizasi. Umvetsere, nkhalamba iwe, sindibwereza."

Dzanja lake pamwamba pa langa. Pachitsa chilichonse patuluka mphukira zambiri, akuti ndisiye ziwiri zamphamvu, zina ndichotse kuti mphepo izidutsa. Akadzakula, nthambi zokalamba ndizichotsa pang'onopang'ono, chaka chino ina, chaka chamawa ina, kudulira pansi penipeni. Manyowa ayi. Phulusa la m'mbaula pang'ono. Ana otuluka m'mizu ndizikumba ndi kupatsa anthu, asamatayidwe. Masango ofota ndizidula msanga. Anandibwerezetsa ngati mwana wa sukulu, ndikalakwitsa n'kunditsina.

Pomaliza anati, "Safa ameneyu. Ngakhale iwe walephera kumupha." Ndinati pepa. Anati pepa sachita maluwa, koma dzanja sanachotse.

23 Juni

Zorka tinamuika m'manda Lachiwiri. Anthu anabwera ambiri. Mapulamu chaka chino abereka mochititsa manyazi, nthambi mpaka kuthyoka. Sindikufuna n'kuwaona komwe.

4 Meyi, patapita zaka ziwiri

Chaka chatha masamba okhaokha. Ndinachita zonse monga ananenera, sizasi sindinamuyandikize nthawi yachisanu. Sabata ino maluwa atuluka. Si ambiri, koma ndi oyera mbee, othithikana, ndipo tsango lina lagunda galasi la zenera.

Radojka akuti ndithyole ndipite nawo kumanda, mwini wake akawaone. Ndinatenga sizasi, ndinaima pamenepo mpaka khofi kuzizira. Dzanja likukana. Iye sanapemphe maluwa a pamanda, anapempha zenera.

Bedi likadali pomwe paja. Ndayala nsalu yoyera, ndatsegula zenera mbali zonse ziwiri. Fungo ladzaza chipinda chonse mpaka kukhitchini. Ndakhala pampando kudikira wonditcha chitsiru.