Mtumbira wa Pansi pa Mkuyu

Hartley,
Southern Rhodesia.
19 Ogasiti, 1956.

Okondedwa alongo anga a Tabitha,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi ana, makamaka wa amayi. Ine thupi lili bwino, ntchito ya m'dimba la azungu ikuyenda. Koma kalatayi muiwerenge muli nokha.

Mukukumbuka kuti mng'ono wanga Danieli atamwalira ndi chifuwa ku mgodi wa kufupi ndi Gatooma, uthenga unandipeza mochedwa, ndinafika ataika kale. Mnzake wina anandiperekeza kumanda, naima panjira n'kuloza ndi chala kuti, "Apo." Mitumbira yatsopano inalipo iwiri, wina pansi pa mkuyu, wina pamtetete. Ndinachita manyazi kufunsanso. Mkulu wake weniweni osadziwa pomwe wagona m'bale wake! Mtima unangosankha wa pamthunzi uja.

Kuno kwa dona kuli maluwa otchedwa mavayoleti. Satalika, amayanga pansi ngati kholowa, ndipo akabzalidwa kamodzi safuna kubzalanso. Timaluwa take n'takuda mofiirira ngati ta chitedze, koma tonunkhira. Amadana ndi dzuwa. Mvula itayamba tinkagawa mizu yake, ine n'kupempha yotsala. Ndinaikulunga m'chiguduli chonyowa, kupalasa njinga mpaka ku Gatooma. Ndikudziwa kuti kwathu munthu salowa kumanda yekha, koma kuno ndikanapita ndi yani?

Ndinafukula dothi, kusakaniza ndi masamba owola a mkuyu womwewo, n'kubzala. Ndikapatsidwa tchuthi Lamulungu ndinkanyamula chigubu cha madzi, kukathirira, kuzula udzu, kutola nkhono zomwe zimaboola masamba. Ndinkacheza naye Danieli, alongo. Ndinkamuuza za mbuzi za amayi ndi za ana anu. Mtumbira wonse unaphimbika mpaka dothi osaoneka, ndipo ndisabise, ndinkadzitama nawo.

Lamulungu lapitali ndili chigwadire pamenepo, ndinangomva munthu wandigwira malaya kukhosi.

"Iwe, ukufukula chiyani pa manda a alamu anga? Ndiwe mfiti?"

Kumbuyo kwa bamboyo kunaima mayi wina atafunda nsalu yakuda. Anthu a m'komboni anayamba kuthamangira, ana akukuwa m'Chishona kuti mfiti yagwidwa masana.

"Pepani bambo," ndinatero, "pano pagona mng'ono wanga Danieli."

"Danieli wa ku Dedza? Tinamuika ndife. Ali apo."

Ndinacheuka. Mtumbira wa pamtetete uja unali utatitimira, ng'ombe zitaupondaponda, chisoso chili thoo. Nthawi yonseyi ndinkaudutsa osauyang'ana. Alongo, njinga yanga ndinkaigoneka pamenepo.

Mayi aja ndi a Enesi, amasiye a malemu Jailosi, eni mtumbira wa pansi pa mkuyu. Maliro atatha anapita kukagwira ntchito m'mafamu a ku Selous, ndipo aka kanali koyamba kubwerera. Anagwada, kusisita masamba aja, kununkhiza duwa limodzi.

"Asiyeni, achimwene," anatero kwa bambo uja. Kenaka anandiyang'ana. "Njira yonse ndimalira, poganiza kuti ndipeza thengo. Amuna anga analibe m'bale kuno. Mwachita, bambo."

Anawomba m'manja, anthu n'kuyamba kundiyamikira. Bola akanandimenya. Ndinkangoyang'ana pansi.

Atabalalika ndinazula chisoso chija ndi manja, n'kuunjikanso dothi. Kusamutsa maluwa sikutheka tsopano, pamtetete angapse tsiku lomwelo, ndiponso sindingavule a Jailosi chofunda mkazi wawo atachiona. Choncho ndazika nthambi ya mkuyu kumutu kwa Danieli ndi kuitchinga ndi minga. Mvula ikagwa ndidzamanga kachisakasa ka udzu kuti ndibzale pansi pake, podikira kuti mtengo ukule. A Jailosi ndizithirirabe. Ndinawauza zambiri za kwathu, sindingawataye.

Mupereke moni kwa alamu, kwa amalume a Filimoni ndi kwa ana onse. Muwauze kuti Khirisimasi ino sindibwera.

Amayi muwapatse moni mutagwada, m'malo mwa ine. Munandilembera kuti duwa louma lomwe ndinatumiza chaka chatha analimanga pa ngodya ya mpango wawo, ndipo amalinunkhiza akamusowa Danieli. Musawalande. Kuwauza kapena kusawauza, muone ndinu amene mumawayang'ana m'maso. Koma akamanditama kwa anthu kuti ndine mwana wosamala mng'ono wake, inu muziyambitsa nkhani ina.

Ine mlongo wanu,
Zefaniya.