Matayala a Apongozi

Lolemba, 5 Ogasiti, ku Aalst

Matayala awa atipha. Ine, Fien mwana wanga amene sanayambe n'kukwawa komwe, ndi bambo ake. Loweruka tikupita ku Bouillon, njira ya mapiri, makona okhaokha, ndipo nyumba yathu yonse yakhazikika pa mphira wong'aluka.

Galimoto yogonamoyi anatipatsa apongozi, a Staf, Fien atabadwa. Bedi, mbaula, kabafa, zonse momwemo. Inkangokhala m'shedi chimwalirireni apongozi aakazi. Ife oyenda ndi zisangalalo m'matauni timagona pomwe tamanga katungwe wathu wa akavalo amatabwa, ndiye mphatso yotere si yamasewera. Ndinalira ndi chimwemwe tsiku limenelo. Lero poyanika zovala ndawerama, maso pa tayala. M'mbali monse ming'alu, ngati chidendene changa nthawi yozizira.

Ndawaitana a Wannes, amuna anga. Alimenya theche. "Mano ake onse alipo, Marleen. Ako atsala angati?" Ndaseka, koma mandasi ogulitsa ndawapsereza kawiri.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Foni kwa Griet, mkulu wanga. Amuna ake a Rik ndi a pagalaja. Akuti tayala limakalamba ngakhale lisakuyenda, makamaka longokhalalo. Dzuwa, kulemedwa mbali imodzi. Mano sanena kanthu. Likapitirira zaka zisanu aziliona odziwa, likafika khumi litayidwe basi. Tsiku lobadwa limalembedwa pambali, manambala anayi: awiri oyamba sabata, otsiriza chaka.

Manambala athu ayang'ana mkati, ngati dala. Ndakwawira pansi ndi tochi, mafuta m'tsitsi. 2306. Sukulu ndinalekezera pulayimale, koma kuchotsera ndimatha. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Tayala loti likhoza kuvota. Likhoza kukwatira osapempha makolo.

Fien anali kundiseka ndikutuluka chafutambuyo. Seka mwana wanga, sukudziwa chimene wakhalira.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Ndawauza za manambala, a Wannes nkhope gwa. "Usayerekeze kuwauza bambo." Kwa anthu a katungwe, galimoto ya mphatso sasuzumira kunsi. Mkazi wa alamu anga a Jef anangoti ngolo yomwe anapatsidwa ikudontha, mpaka lero Khirisimasi amadyera kwaokha. Nanga ine wobwera, mwana wokulira m'nyumba ya njerwa?

Ndayesabe, mwaulemu, nditawapatsa khofi apongozi. Ndati bambo, matayalawa akuoneka otopa pang'ono. Apita, abwera ndi polishi wa nsapato ndi kansanza. Agwada ndi bondo lawo lovuta lija, apaka onse anayi mpaka kuwala. "Taona tsopano, mwana wanga. Amenewa anasankha okha amayi ako, tikupita kunyanja ulendo womaliza."

Ming'alu yabisika. Ndathokoza. Ndikanatani?

Lachinayi, 8 Ogasiti

Nzeru yabwera ndikukanda ufa. Limodzi likaphwa, tipita kugalaja. Wa galaja aona onse anayi, ayankhula yekha. Ine pakamwa potseka, mpongozi wabwino.

Ndasankha lakutsogolo, mbali yomwe kuli kampando ka Fien. Foloko yotembenuzira mandasi yapindika. Mpeni wangoterereka. Mphira wakewo wauma ngati buledi wa sabata yatha. Pomaliza msomali ndi hamala, nthawi yomwe nyimbo za katungwe zinali pamwamba ndipo ana akukuwa pa akavalo amatabwa. Mpweya fwiii.

Ambuye mundikhululukire. Foloko ndaibisa pansi pa matiresi.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Kugalaja sitinapite.

Apongozi angoti nanga sipeya ntchito yake n'chiyani. Alowa okha pansi, atulutsa tayala lodzaza akangaude. "Silinapondepo pansi chibadwire. Latsopano ndithu." A Wannes ndi jeke, mluzu pakamwa, amanga. Wina woponya misomali pabwalo pano amutukwana mpaka agogo ake. Ine ndikuvomereza, eetu, anthu ena alibe khalidwe.

Atachoka ndayang'ana. Manambala atatu okha. Ndamuuza Griet pafoni. Akuti atatu ndi a kale, chaka cha 2000 chisanafike. Tayala lalikulu kwa ine, loti ndizilipatsa moni ndi manja awiri. Ndipo lili pansi penipeni pa kampando ka Fien. Ndaliika ndekha pamenepo, ndi hamala yanga.

Griet akuti a Rik ali nawo anayi abwino, zolipira tidzakamba. Koma sangabwere a Wannes asanawaitane, mwamuna sagwira galimoto ya mnzake osauzidwa. Amuna ndi ulemu wawo. Ndawapempha a Wannes. Akuti tikafika ku Bouillon bambo akatanganidwa, tidzasintha mwakachetechete. Tikafika. Phiri lili pakati.

Kampando ndayesa kukasuntha. Lamba wake ali mbali imodzi yokha.

Loweruka, 10 Ogasiti, pamwamba pa chitunda

Ndikulemba pa udzu, Fien pamiyendo, kutali ndi galimoto.

Chiwongolero chinayamba kunjenjemera titangolowa m'mapiri. A Wannes akweza wailesi. Ndati imani, mwana wadziipitsira. Bodza, koma aima. Ndatsika. Pambali pa sipeya chotupa ngati mandasi aakulu, chofewa, chotentha. Polishi sangabise chimenechi.

Achiona nawonso. Akanda m'mutu. "Kwatsala kutsetsereka kokha, mayi a Fien. Tiyenda ngati maliro." Ndasuzumira kutsogolo. Msewu ukupindika, kumbali phompho, pansi mtsinje.

Apita kuseri kwa mtengo kukataya madzi. Kiyi anali pa galimoto. Ndamuzula, ndatsegula ndowa ya ufa wokanda wa madzulo ano, ndamukankhira pansi mpaka chigongono, ndatseka.

Pano akukwawa m'maudzu, akudzitcha chitsiru, akusecha matumba omwe asecha kale. Andifunsa ngati ndamuona. Ndati kiyi ndimagwira ine? Chisoni chikundigwira, koma pang'ono.

Ndamuimbira Griet. Ndati uwauze a Rik kuti waitana ndi Marleen, mwini bedi, mwini mwana, ndipo akafuna mawu a mwamuna adzawamvera pamaliro. Ndamva akukoka a Rik pa tebulo la chakudya. Akuti akupakira matayala.

Koma a Wannes nawo aimba. Apongozi anafika kale kumunsi ndi lole, ndipo kiyi wachiwiri amayenda naye m'khosi. Akuti akangotsitsa akavalo akwera kuno. Akafika andiyang'ana m'maso n'kunditi mwana wanga, ndipo kwa iwowo bodza sinditha. Ndinena zonse, za msomali ndi za ndowa. Khirisimasi ndidyere kwandekha, chabwino. Fien yekha sakwera.

Dzuwa latentha, ufa ukufufuma, chivindikiro chayamba kudzuka chokha ndipo a Wannes akuyandikira chitseko. Kumunsi ndikumva lole ikusintha magiya.

Griet, akavalo aja amaliza kuwatsitsa. Usaime pogula khofi, usaime paliponse. Bwera msanga mkulu wanga, bwera pompano