Chamba cha Bambo Chachita Maluwa Msanga

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino ku Ireland. Kuno ku Masasa tilipo, koma Bambo miyendo yatupanso, ndipo kumunda sakupita.

Ndikudziwitseni za chamba cha mafakitale chija, chimene gulu la Bambo lili ndi chiphaso cholima. Mbewu ya ku Ulaya imene munathandiza kugula tinadzala pa 12 Disembala. Inamera bwino, koma pa 20 Januwale ndinapeza yachita maluwa isanafike ndi m'mawondo momwe. Paja ogulitsa anatiuza kuti idzatalika kuposa munthu. Ikachita maluwa sikulanso, choncho chogulitsa palibe.

Bambo anadziimba mlandu kuti anachedwa kuthira feteleza, mpaka chakudya chinasiya kulowa. Lachitatu kunabwera mlangizi. Anati, "Pepani chomene, adada, inu simunalakwe. Mbewu iyi imatsatira kutalika kwa usana. Kwawo nyengo yolima dzuwa limachedwa kulowa. Kuno sikisi koloko kwayamba kale kuda, ndiye ikuyesa kuti chisanu chayandikira, n'kuthamangira kubereka."

Atamva izi, Bambo anati, "Kani chinthu chikakhala kwa eni chimakalamba msanga." Atatero anandifunsa ngati inunso imvi zayamba.

Za mbewuyo musadandaule, zapita. Chimene ndikupempha, tumizani chithunzi chanu chatsopano, ndipo ngati n'kotheka mubwere chaka chino chisanathe. Bambo sanganene okha, koma nawonso dzuwa lapendeka.

Ambuye akusungeni kuchilendoko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati