Bambo Sanadine Chilichonse

Brandon, Manitoba
29 Okutobala

Mlongo wanga Travis,

Ndikhulupirira uli bwino kumgodiko, ndipo chifuwa chija chinakusiya. Kaya mlamu wanga Shawna ndi ana ali bwanji ku Yellowknife? Kuno tilipo. Chisanu chayamba kale, m'mawa magalasi a galimoto tikumachita kupala. Bambo m'thupi ali bwino, akudya, mankhwala akumwa. Za mumtima mwawo ndiye zandigwiritsa cholemberachi.

Usadabwe kuti ndakulembera papepala ngati munthu wakale. Pa foni sundilola kumaliza mawu. Ndikangoti "Travis, tamvera," iwe wayankha kale, yankho lakenso la funso lomwe sindinafunse. Pepala sungalidule mawu, ndiye khala pansi uwerenge mpaka kumapeto.

Pa 14 Novembala bambo akusamukira kunyumba yosungirako okalamba. Chipinda chapezeka. Palibe wawakakamiza, anapempha okha. Ndikudziwa unena kuti zili bwino, akasamalidwa. Usananene zimenezo, yamba wamva chimene chikuwachotsa pakhomo pano.

Ukukumbuka mmene analili adokotala atawalanditsa laisensi chifukwa cha sitiroko ija. Munthu woyendetsa thiraki zaka makumi anayi, n'kumangokhala pazenera kuyang'ana magalimoto a eni ake. Anawadzutsa ndi a Gord, mnzawo wakale wa pamsewu, amene anawauza kuti madalaivala opuma ntchito ali ndi gemu yawo ya mathiraki pa intaneti. Amakumana naini koloko m'mawa, aliyense ali kwawo, chiwongolero pathebulo, zomvera m'makutu, n'kumayenda mondondozana uku akunyozana ngati kale.

Bambo anangondifunsa kuti, "Jolene, kodi kompyuta ya zimenezi imavuta kupeza?" Kanali koyamba kupempha chinthu chitulukireni m'chipatala.

Ine ndinati tikagule yomangamanga kusitolo. Iwe unaseka mpaka kutsamwa. Umvekere yomangamanga amagula ndi mbuli, munthu wodziwa amasankha chipangizo chimodzichimodzi. Mndandanda unausintha katatu. Purosesa, ubongo wa kompyuta uja, iyi ayi, koma iyo. Khadi la zithunzi ili n'lochepa mphamvu, bambo adzafuna kuona ndi mitengo yomwe ya m'mbali mwa msewu. Choziziritsira chimene chimabwera ndi purosesa unati n'chidole, tigule china chachikulu ngati buledi, cha mafani awiri. Mpaka bokosi lagalasi la magetsi amitundumitundu m'kati, bambo n'kufunsa ngati tikuwagulira kompyuta kapena mowetera nsomba.

Sindikukana, unasankha zabwino. Koma womanga ndinali ine, pathebulo la kukhitchini, iwe uli pa foni ya kanema ukundikalipira kuti ndagwira molakwika. Titafika poika choziziritsiracho, nthawi yako yopuma inatha. Unati zotsalazo n'zamwana, ndipake kaphala kotuwa kaja kochepa ngati nsawawa imodzi, ndikhazike, ndimange masikuluwu anayi. Ndinachita zomwezo ndipo kompyuta inayaka.

Epulo ndi Meyi bambo anabwerera kukhala bambo athu aja. Ankadzuka m'mawa, kumeta ndevu, kuvala chipewa, kudzaza khofi m'fulasiki, ulendo wake wongochoka kukhitchini kupita kuchipinda. Thiraki yawo ya mugemumo anaipenta buluu ngati yeniyeni ija, pachitseko n'kulembapo dzina la malemu amayi. Ndinkamva akuseka ndili panja. Ngakhale dzanja lamanzere lija linayamba kugwira chiwongolero.

Kutentha kwa Juni kutafika, zinthu zinasokonekera. Mafani ankalira ngati ndege ikunyamuka, zithunzi zinkaimaima, kenako kompyuta yazima yokha, mdima bii. Tsiku lina inawazimira akutsetsereka chitunda, thiraki yawo n'kutsala chopingasa pamsewu, anzawo anayi n'kuwombana pambuyo pawo. Akuluakulu aja anawaseka sabata yonse. Bambo ankaseka nawo, koma ankati akavula zomvera zija nkhope yagwa.

Iwe sunaione n'komwe kompyutayo, koma matenda ake unawadziwa kale. Vayirasi. Unati pali akuba amene amalowetsa kapulogalamu kobisala m'kompyuta ya mwini kuti iziwagwirira ntchito mwakabisira, n'chifukwa chake ikulira chotero. Ndinawafunsa bambo ngati anadina chinthu chachilendo. Anati ayi, iwo amayatsa, n'kutsegula gemu, basi.

Pamenepo ndi pomwe unanena mawu aja. Foni inali pa sipika, bambo ali pampando pomwepo. Unati okalamba amadina chilichonse chothwanima, ndipo munthu wodwalapo sitiroko sangakumbuke zomwe wachita dzulo. Ndinakuuza kuti akumva. Iwe umvekere, "Ndiye bwino, amve."

Travis, mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero, ndipo amandinyansa. Koma ine sindinakutsutse. Ndinatsegula mndandanda wa malo onse amene analowa pa intaneti, iwo ali chiimire kumbuyo kwanga, ngati ndikupisa m'matumba a wakuba. Ndinapezamo zanyengo, mitengo ya matayala, ndi nyimbo imodzi imene amayi ankaikonda, atamvera kangapo konse. Ndinachita manyazi, koma ndinapitiriza kusaka.

Mapulogalamu atatu osakira vayirasi sanapeze kanthu. Iwe unati yoopsa kwambiri ndi imene sipezeka, tifufute zonse tiyambirenso. Akuti umo ndi mmene odziwa amachitira. Tinafufuta. Thiraki yabuluu, dzina la amayi pachitseko, maulendo onse a miyezi itatu, zinapita pa ola limodzi. Kenako unandiuza ndiike pasiwedi yoti bambo asaidziwe, monga umachitira ndi ana ako. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ankachita kundiitana kuti ndidzamutsegulire chinthu chake chomwe.

Patangopita masiku awiri inazimanso. Iwe umvekere, "Waona? Adinanso."

Bambo sanakangane nawe. Anatenga kabuku n'kuyamba kulemba chilichonse chimene akhudza. Kali pano pathebulo. "9:02 ndayatsa. 9:04 ndatsegula gemu. 9:31 yazima. Sindinadine chilichonse." Tsiku ndi tsiku, masamba khumi ndi anayi. Anandipempha ndikujambulire ndikutumizire. Unayankha ndi kachithunzi kaja ka chala choimika, osawonjezapo ngakhale liwu limodzi.

Mu Ogasiti, tikudya maperogi masana, timitanda ta ufa toikamo mbatata tija, bambo anaika foloko pansi. Anati mwina Travis akunena zoona. Mwina amachitadi zinthu n'kuiwala, ndiye m'kabukumo amalemba zokhazo zimene akumbuka. Ndinati asalankhule choncho. Iwo anati, "Lero ndi kompyuta, mwanangu. Mawa ndidzasiya chitofu chikuyaka, ndikuwotchere nyumba."

Tsiku lomwelo anaifunditsa thawulo kompyutayo. Ananamiza a Gord kuti maso akuwavuta. Kwa adokotala anakadzinenera okha kuti ayamba kuiwala. Adokotala anawayeza, n'kuwauza kuti sakuona vuto, koma bambo anati dokotala amawaona mphindi khumi, pomwe ana awo amawadziwa moyo wonse. Anapempha kuti dzina lawo lilembedwe kunyumba ya okalamba ija.

Tsopano imva zanga, chifukwa ndatopa kuzisenza ndekha.

Kumayambiriro kwa mwezi uno ndinainyamula kompyutayo kupita nayo kwa a Lucien, bambo wina wokonza makompyuta m'tauni muno. Ndinkafuna achotse vayirasiyo kuti tingoipereka kwa wina, ichoke m'nyumba. Anaiyatsa, anayang'ana nambala ya katenthedwe, n'kuimba mluzu. Anamasula masikuluwu anayi aja, ananyamula choziziritsira, n'kuchitembenuza. Kunsi kwake kunali kapulasitiki kopyapyala, koonekera, kali ndi malemba ofiira akuti chotsani musanaike.

Anakamatula ndi chikhadabo. Anati kameneka kanatchinga pakati, ndiye kutentha kunalibe kolowera. Purosesa inkapsa, n'kumadzizimitsa yokha kuti isawonongeke. Miyezi yozizira ija inkapirira, Juni ndiye anaimaliza. Ndinafunsa za vayirasi. Amvekere, "Vayirasi yake iti, mayi?" Anaisiya ikuyenda maola atatu, osazima ngakhale kamodzi, mafani ali phee.

Ankaseka bamboyo, wosalakwa. Akuti ndisadandaule, aliyense womanga kompyuta kapulasitiki kameneka kamamugwira kamodzi pa moyo wake, iwo kanawagwira kawiri. Ine ndinatuluka, ndinakhala m'galimoto, ndinalira mpaka munthu wina anagogoda pagalasi kufunsa ngati ndachita ngozi.

Ndine ndinakasiya, Travis. Ndi manja angawa. Malemba ofiira, akuluakulu, koma ine maso anali pa masikuluwu. Bambo sanadine chilichonse, ndipo vayirasi kunalibe kuyambira tsiku loyamba.

Choipa koposa ndi ichi. Ndinakhala chete masabata atatu. Kompyuta inali m'buti ya galimoto, kapulasitiki m'chikwama mwanga. Ndinkaopa chiseko chako chija, ndipo ndinkaopa kuwayang'ana bambo m'maso. M'masabata omwewo akunyumba ya okalamba anaimba kuti chipinda chapezeka. Ndinali chiimire pakhomo la kukhitchini bambo akuyankha kuti zikomo kwambiri, abwera. Ndinangowasiya mpaka anadula foni. Ndinadzida tsiku limenelo ndipo ndikudzidabe.

Lamlungu lapitali ndinalephera kupirira. Titachoka kutchalitchi ndinakaika kapulasitikiko pathebulo n'kuwafotokozera zonse. Anavala magalasi, n'kuwerenga malemba ofiira aja mokweza, pang'onopang'ono. Kenako anafunsa kuti, "Ndiye kuti sindinadine kanthu?" Ndinati ayi, bambo. "Ndiye kuti zimene ndinkalemba m'kabuku zija zinali zoona?" Ndinati inde, zonse. Anakatembenuzatembenuza kapulasitikiko ndi zala.

Ndinagwada pambali pa mpando wawo n'kupepesa. Ndinati mawa ndiimbe foni tikane chipindacho, kompyuta yakonzedwa, pasiwedi ndachotsa, a Gord akuwadikirira. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anangondisisita pamutu. Anati za pulasitikizo akhululuka, aliyense amalakwitsa, iwonso anathirapo mafuta olakwika m'thiraki ya bwana. Koma chipindacho ndisakane.

Ndinafunsa chifukwa chake, poti mutu wawo uli bwino. Anati, "Miyezi itatu ndinkanena zoona m'nyumba mwanga, ana anga awiri osandikhulupirira, mpaka ine ndemwe ndinasiya kudzikhulupirira. Kumeneko nako mwina sakandikhulupirira. Koma sizikandipweteka, chifukwa amenewo sindinawabereke."

Sanabwerezenso. Ayamba kulongedza. Dzulo ndinawapeza akupinda malaya awo a kuntchito aja.

Ndiye ndikukupempha, mlongo wanga, ndipo umvetse bwino. Usaimbe foni. Usatumize chipangizo china chatsopano, chifukwa ndikukudziwa, ukalakwa umapepesa ndi katundu. Usandilemberenso ndime zitatu zofotokoza kuti zizindikiro zake zinkafanana ndi za vayirasi. Zinkafanana, inde, koma munthu wamoyo anali pompo akutiuza, ife n'kusankha kukhulupirira phokoso la fani.

Pulasitiki ndi yanga, ndavomera, ndipo ndagwada kale. Koma mawu aja a pa sipika ndi ako, ine sindingakupepesere. Tchuthi chako chiyamba pa 6 Novembala. Kwera ndege ubwere, ukhale nawo pathebulo, uwauze kuti, "Bambo, munkanena zoona, ndinalakwa ine." Ukatero utseke pakamwa, uwalole ayankhe mpaka amalize. Sindikulonjeza kuti asintha maganizo, ukuwadziwa bambo ako. Koma akachoka pakhomo pano asanamve zimenezo kuchokera kwa iwe, sindikuona kuti ine ndi iwe tidzakhalanso ndi cholankhulana.

Ndakwiya nawe kwambiri, koma ndiwe mlongo wanga yekhayo. Mulungu akusunge pansi pa nthaka pomwe ukugwira ntchitopo, akutulutse wamoyo tsiku lililonse. Undiperekere moni kwa Shawna, uwapsompsone ana, uwauze kuti azakhali awo akuwasowa.

Ndisanamate envelopuyi ndawafunsa bambo ngati ndikupatsire moni wawo. Ati ndilembe zimene ndikufuna, poti zonena iwo amazikhulupirira ndani.

Ndine mlongo wako,
Jolene